Sitima Zopanda Manja

Belu la pasukulu pathu ku Lirangwe silinali belu lenileni. Chinali chidutswa cha njanji chimene anachipachika ndi waya panthambi ya mtengo wa mthethe, pafupi ndi ofesi ya ahedi. Mnyamata wa Sitandade 8 ankachimenya ndi chibawuti, ndipo chinkalira kuti ngweee, kulira kosatha msanga, kolowa mpaka m'mano. Mpaka lero ndikamva chitsulo chikulira motero, kaya ndi pagalaja kaya kwa owotcherera, ndimamva dzuwa la Okutobala pamsana ndi nyenje m'mitengo yopanda masamba. Pamenepo mkwiyo umene ndimayesa kuti unazima kalekale umayambanso kufuka, ngati chitsa chimene moto unalowa kumizu.

Chaka chimenecho ndinali mu Sitandade 5, ndipo ndinkakhala ndi agogo a Nangondo, mayi awo a mayi anga. Mayi anatsogola, bambo n'kutsatira dzinja lotsatira lisanathe. Bambo ankanyamula katundu wa apaulendo pabwalo la ndege ku Chileka, ndipo tinkakhala m'nyumba ya lendi kufupi ndi komweko. Titaika maliro, abale awo anabwera ndi galimoto. Anakweza bedi, njinga, wayilesi, mipando, ngakhale loko wa pachitseko. Bambo aang'ono anatsegula katoni imene inali kuseri kwa chitseko, anasuzumiramo, n'kuikankha ndi phazi. "Awa ndi mapepala chabe," anatero. Agogo anaisenza katoniyo pamutu, ine anandigwira padzanja, tinakakwera matola a ku Lirangwe. Chuma chonse chimene bambo anandisiyira chinali chimenecho.

M'katonimo munali magazini akale a sitima za zidole. Anali a mzungu wina wokalamba amene ankakonza ndege, ndipo atapuma ntchito anawasiya kuti atenthedwe. Bambo anawapempha. Mapepala ake anali atachita chikasu m'mphepete, ofewa ngati nsalu yochapidwa kambirimbiri, ndipo ankanunkha fumbi la m'nyumba zotsekedwa. M'kati munali dziko lathunthu: timapiri, timilatho, timasiteshoni tokhala ndi wotchi pakhoma, tianthu toimirira ndi masutikesi, ndi sitima zakuda zokoka mabogi kulowa m'mphanga yoboola m'phiri.

Poyamba ndinkayesa kuti ndi sitima zenizeni za kunja. Anandiululira ndi bambo, tsiku lina Lamlungu titakhala pakhonde. "Taona apa, Enoki," anatero, akuloza pakona pa chithunzi. Pamenepo panali dzanja la munthu, lalikulu kuposa siteshoni yonse, likukhazika mutu wa sitima panjanji ndi zala ziwiri. Bambo anaika dzanja lawo papepalapo, pambali pa linzakelo, n'kupinda zala chimodzimodzi. Tinaseka mpaka mayi anasuzumira pawindo. Zithunzi zambiri zinali zopanda mtundu, moti dzanja la munthu aliyense linkangooneka lotuwa ngati phulusa. Dzanja lina, la m'magazini ya chikuto chobiriwira, linali mumthunzi, lakuda, lovala wotchi ya lamba wachitsulo ngati ya bambo. Atamwalira, ndinkatsegula tsamba limenelo kawirikawiri kuposa ena onse.

Anzanga ankakonda sitima yeniyeni, imene inkadutsa pa Lirangwe ikulira huta, mabogi ake ali fumbi lokhalokha. Ankaithamangira akukuwa. Ine ndinkaima patali. Ndinkaona kuti ikungodziyendera yokha, popanda woigwira ikafuna kugwa. Za m'katoni mwanga zinali ndi woziyang'anira. Ndinkasaka manja m'tsamba lililonse: lina litagwira kabulashi likupenta denga la siteshoni, lina likudzutsa bogi imene yagwa pamlatho, lina chala chokha chikusunthira kamunthu pamthunzi wa kamtengo. Chingerezi chake sindinkachimva, koma tsamba lililonse ndinkalidziwa ngati njira ya kuchitsime.

Ndinkawonjezeranso. Tsiku lina kumsika wa Lunzu ndinaona magazini yamtundu womwewo pamulu wa mapepala okulungira usipa, ndipo mwini wake anavomera kusinthana ndi nkhunda yanga yoyera. Ina anandibweretsera mnzawo wa bambo wa ku Chileka, amene anaipeza m'sitolo yakale ya pabwalo la ndege. Ndinkawasanja mwa ukalamba wawo, achikasu kwambiri pansi, oyererako pamwamba, ndipo pakati pawo ndinkaika masamba a nimu kuti njenjete zisalowe.

Agogo sanali munthu wa nkhani zambiri, ndipo mwina n'chifukwa chake tinkagwirizana. Ankaswa miyala m'mphepete mwa msewu, atakhala pansi miyendo ali tambalale, mwala pakati pa lamba wa tayala, nyundo m'dzanja. Ankabwera madzulo nsidze zili mbuu, zala zong'ambikang'ambika. Kuwerenga sankadziwa, koma katoniyo anaiika pathandala, pamwamba pa thumba la chimanga, ndipo akandiona ndikuitsitsa ankangofunsa kuti, "Wasamba m'manja?" Iwo sanakhudzepo tsamba ngakhale limodzi. Ankati manja awo ndi a miyala.

Chilimwe chimenecho chinali chowawa. Mjigo unkatulutsa madzi mochita kukakamiza, mbuzi zinkadya makoko a mitengo, ndipo masana kamvuluvulu ankadutsa pabwalo la sukulu atanyamula majumbo. Ndi m'masiku amenewo pamene ahedi analengeza kuti kukubwera alendo, anthu a bungwe lina lothandiza ana amasiye, ena ochokera mu Blantyre, ena otsika ndege. Sukulu yonse inasanduka chisa cha mavu. Tinapaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira, tinazira pansi m'makalasi, tinasesa ngakhale pansi pa mitengo pamene panalibe tsamba loti n'kusesa. Mphunzitsi aliyense anauzidwa kuti makoma a kalasi yake asaoneke amaliseche.

Aphunzitsi athu anali a Gwaza, bambo wamtali wa mawu okoma, amene ankakonda kuyenda ndi choko kuseri kwa khutu. Sabata imeneyo tinkaphunzira za mayendedwe, ndipo anatiuza kuti aliyense ajambule chinthu chonyamula anthu. Ine ndinajambula mutu wa sitima, ndi mipiringidzo yake yolumikiza matayala, ndi kanyumba ka woyendetsa. A Gwaza anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali. Kenako ananyamula kope langa n'kulionetsa kalasi yonse. Chiyambire sukulu panalibe mphunzitsi amene anali atanditchulapo dzina popanda kundikalipira. Atandifunsa kumene ndinaona sitima yotero, ndinawauza zonse, za katoni, za bambo, za nkhunda.

Madzulo a tsiku lomwelo anafika kwathu panjinga. Agogo anali atangofika kumene, fumbi lisanachoke kumaso. Anathamangira kukabwereka mpando kwa aneba, iwo n'kugwada potero, chifukwa mphunzitsi anali asanapondepo pakhomo pathu. A Gwaza anayamikira nzeru zanga, anayamikira kulera kwa agogo, kenako anafika pa chimene anadzera.

"Tingobwereka, mayi. Ana aone, alendo aone. Alendo akangopita, katoniyi ibwera ndi ine ndemwe."

Agogo anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi. Mwana sakaniza mlendo pamaso pa akulu, ndipo mwana woleredwa ndi agogo amadziwa zimenezi kuposa ana onse. Katoniyo agogo anaitsitsa okha pathandala, n'kuipereka ndi manja awiri. A Gwaza anaimanga pakaliyala ndi malegeni, ndipo anakoka kwambiri moti mphira inalowa m'mbali mwa katoni. Ndinaiona njingayo mpaka inakhota pamlambe.

M'mawa mwake nditalowa m'kalasi ndinapeza magazini anga atamwazidwa patebulo, masamba a nimu ali pansi, ana akuwaponda. Pambali panali mapepala a matumba a simenti otambasulidwa bwino. Kutsogolo kunakhala Asiyatu, mwana wa telala wa pamsika, mtsikana wolongolola amene ankakhoza masamu kuposa tonse. Pamiyendo pake panali sizasi yaikulu ya bambo ake, ya zogwirira zakuda. Anamusankha chifukwa ankadziwa kudula mowongoka.

Sizasi ya telala ili ndi kulira kwakekwake ikamadya pepala, kwee, kwee, mosafulumira. Asiyatu anadula chithunzi choyamba n'kuchionetsa. A Gwaza anachiyang'ana atapendeketsa mutu.

"Iyayi, dzanjali lichoke. Tikufuna zioneke ngati sitima zenizeni. Manjawa angosokoneza ana."

Choncho sikuti sankadziwa. Ankadziwa bwino lomwe kuti ndi zidole. Asiyatu anazungulira ndi sizasi m'mphepete mwa mutu wa sitima, ndipo dzanja linagwera pamiyendo pake. Ndinaimirira osadziwa kuti ndaimirira. Mawu amene ndinatulutsa anali ochepa, ndipo anatuluka ngati a munthu wina.

"Aphunzitsi, paja munati mungobwereka."

A Gwaza sanakwiye. Akanakwiya bwenzi zili bwino. Anamwetulira, nachotsa choko kukhutu.

"Tamumvani Enoki. Phala la pano amamwa? Amamwa. Alendo akubwerawa akudzera ndani, ine? Akudzera iyeyu. Anthu inu mumalandira chaka chonse, lero tikuti perekaniko timapepala, mwayamba milandu. Kulandira kokha ndiye mumatha?"

Ana anaseka, ena chifukwa zinawasangalatsa, ena chifukwa mphunzitsi akaseketsa umayenera kuseka. Wina kumbuyo analira ngati huta ya sitima. Kenako a Gwaza anati popeza ndaimirira kale, ndipite kukhitchini ndikaphike phala la ufa wa chinangwa lomatira zithunzi. Ndinapita. Ndinatakasa phalalo ndekha m'chitini, utsi ukundilowa m'maso, ndipo ndinalinyamula ndi manja anga kukalipereka. Pofika masana makoma anali atadzaza. Pamwamba analemba ndi inki yofiira kuti SITIMA ZA KU ULAYA. Zinali zokongola, sindikana. Koma zinkayenda zokha, zopanda wozigwira, ndipo ine ndinkaona pamene panali dzanja lililonse ngati mmene lilime limapezera pamene pachoka dzino.

Kunyumba sindinanene kanthu, koma agogo anamva kwa ana a aneba. M'mawa mwake sanapite kumiyala. Anavala chitenje chawo cha kutchalitchi n'kubwera kusukulu. Ndinkawaona pawindo la kalasi, atagwada pakhonde la ofesi, ahedi ndi a Gwaza ataima pamwamba pawo. Mawu onse sindinawamve, koma mphepo inandibweretsera ena. Ahedi ankati mwanayu ali m'gulu la amene alandire thandizo, ndiye si bwino kuti pamveke zoti banja lake ndi lovuta. Ndinaona agogo akuwomba m'manja mwaulemu, kuthokoza. Anadzuka pang'onopang'ono atagwira bondo, n'kutuluka pageti osayang'ana kumbali.

Tsiku limenelo anaswa miyala mpaka dzuwa kulowa, atavala chitenje cha kutchalitchi chomwecho. Nditawapitira, ndinapeza chala chawo chikuchucha magazi, iwo osachilabadira. Anamenya mwala wina kangapo ngakhale unali utasweka kale. "Anthu ophunzira," anatero, n'kulavula pambali. Patapita nthawi anawonjeza, osandiyang'ana, "Akanakhala mwana wa mwini sitolo, akanadula?"

Alendo anabwera Lachisanu, mochedwa, pa magalimoto oyera amene anatimwaza fumbi lonse limene tinasesa. Tisanawaone, ife ana amasiye anatipatula n'kutiimika pamzere wathuwathu kutsogolo. A Gwaza anayenda pamzerewo akuyang'ana kumapazi. Amene tinali ndi nsapato anatiuza kuti tivule, tikazibise kuseri kwa kalasi. Zanga zinali za pulasitiki, zimene agogo anandigulira ataswa mulu wathunthu wa miyala. Ndinaima pamchenga wotentha wopanda nsapato, ndikusinthanitsa mapazi, kuti alendo aone bwino umasiye wanga. Tinaimba nyimbo yowalandira. Anatipatsa sopo ndi pensulo aliyense, ndipo anatiuza kuti tizikweze m'mwamba pojambulitsa.

M'kalasi mwathu analowa ngati anthu obisala mvula. Mayi wina wa magalasi anayang'ana khoma, anamwetulira, ananena kanthu m'Chingerezi, a Gwaza anaseka kwambiri, basi onse n'kutuluka. Magazini amene bambo anapulumutsa kumoto, amene agogo anasenza kuchokera ku Chileka, anadulidwa chifukwa cha kumwetulira kumeneko. Chakumadzulo ndege inadutsa pamwamba pa mudzi, ikukwera kuchokera ku Chileka, ndipo ana ankaikwezera manja akuti ndi alendo athu aja. Ine ndinali ndikufunafuna nsapato yanga imodzi, imene ndinaipeza m'dzenje la zinyalala.

Lolemba ndinadikira ana onse atuluke, n'kupita patebulo la a Gwaza. Ndinaima mpaka anadzutsa mutu. Nditafunsa za magazini anga, anati zapakhomazo tsopano ndi katundu wa sukulu, ndipo zotsala anagawana aphunzitsi. Ndinaziona ndi maso anga m'masiku otsatira. Chikuto chobiriwira chija chinakutira buku la mphunzitsi wa Sitandade 3. Masamba ena anayatsira moto kukhitchini ya phala. Katoni yeniyeniyo ahedi ankasungiramo choko.

Ndipo sukulu imene inalanda zinthuzo sinazisamale n'komwe. Phala la chinangwa ndi chakudya, ndiye mphemvu zinayamba usiku womwewo, chiswe n'kukwera khoma kudzathandiza. Tsiku lililonse ndinkapeza bogi ina yadyedwa, siteshoni ina yabooka. Mvula yoyamba inabwera ndi chimphepo, inalowa m'mawindo opanda magalasi, ndipo m'mawa mwake mapepala a simenti aja anali atagwa pansi, atasanduka matope. A Gwaza anauza oyeretsa a tsiku limenelo kuti akolope. Sanayang'ane kumene ndinakhala.

Chodabwitsa n'chakuti pa anthu onsewo, amene ndinamuda kwambiri anali Asiyatu. A Gwaza anali aakulu kwambiri moti chidani changa sichikanawafika, ngati kugenda phiri. Koma Asiyatu anali msinkhu wanga, ndipo sizasi inali m'manja mwake. Akakhala kutsogolo ndinkayang'ana kumbuyo kwa mpango wake ndi mtima wowira. Akandipatsa moni panjira ndinkawoloka msewu. Iye, amene pakamwa pake sipankatsekeka, anayamba kukhala chete ndikayandikira.

Tsiku lotsekera sukulu, belu la njanji lija litalira komaliza, ndinapita kukathandiza agogo kuwunjika miyala. Nthaka inali itanyowa, ikununkha mvula, ndipo m'minda chimanga chinali chitayamba kusuzumira. Ndinamuona Asiyatu akubwera m'njira yodutsa panjanji, atafumbata kanthu pachifuwa. Anagwada kupereka moni kwa agogo, kenako anabwera kuima patsogolo panga. Ndinapitiriza kutola miyala.

"Iwe Enoki, ukhala wotupa mpaka liti? Landira, ndikuchedwa."

Kanali kathumba kosokedwa ndi zigamba zamitundumitundu, komanga ndi kachingwe pakamwa. Ndinapukuta manja pakabudula n'kukamasula. M'katimo munali manja. Dzanja la kabulashi, dzanja lodzutsa bogi, chala chija chosuntha kamunthu, onse odulidwa mosamala, owongoledwa ndi simbi moti panalibe khwinya. Pamwamba pa onse panali dzanja lakuda la wotchi ya lamba wachitsulo, zala ziwiri zitapindika, zitagwira mphepo.

"Aphunzitsi anati nditaye," anatero Asiyatu. "Koma kwathu sititaya. Ababa amati ukadula nsalu ya munthu, zotsala ndi za mwini nsalu, ngakhale kachigamba kotani. Nditawauza anandikalipira kuti ndinatengeranji sizasi yawo kukadula chinthu mwini wake asanavomere. Kathumbako asoka ndi iwowo."

Pa nthawiyo ndinangoona kuti wandibweretsera nyenyeswa. Mtima unkati, sitima zanga zili kuti, ndichite nawo chiyani manja ogwira mphepo? Lero ndine bambo wa ana, ndipo ndikapita mu Blantyre ndimaima pa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu kufunsa ngati kwapezeka magazini ya sitima za zidole. Ndili nawo angapo tsopano, ndipo aliyense ndikamugula ndimayamba ndasaka manja. Ndimadziwanso zimene sindinkadziwa kale, kuti a Gwaza anali ndi kalasi yodzaza mpaka pakhomo, yopanda buku, ndi ahedi owapanikiza. Zimenezo ndimazimvetsa. Koma akanatha kupempha moona, ndipo akanatha kungokhala chete m'malo mondiphunzitsa pamaso pa anzanga kuti wolandira phala alibe chake. Chimenecho sindinachikhululuke, ndipo sindikuona chifukwa choti ndichikhululukire. Chilimwe chonse chija anthu akuluakulu ananditcha mwana wamasiye, ena mwachisoni, ena monyoza, ena pofuna chithunzi. Mawu akuti mwini anachokera pakamwa pa mwana mnzanga, ndi kwa telala amene sanandionepo n'kamodzi komwe.

Agogo anali atasiya kumenya miyala. Anasuzumira m'kathumbamo, manja awo ali kumbuyo. Asiyatu sanadikire kuti ndiyankhe. Anakonza mpango wake, anati, "Tsalani bwino, agogo," n'kutembenuka. Anadumpha njanji imodzi, kenako inayo, n'kulowa m'njira ya kumsika osacheuka.